Kolosi Yolowa ndi Chala

Ndinafika ku Karonga ndisanakwanitse zaka makumi atatu, nditanyamula bokosi la masipanala ndi kalata yonena kuti ndikhale makaniko pa chipatala china cha m'bomalo. Kwathu ndi ku Ntcheu, kumapiri, ndipo kutentha kwa ku Karonga sindinakuzolowere mpaka tsiku lomwe ndinachokako. Ikamakwana teni koloko m'mawa malata a galaja ankakhala atayamba kale kuthetheka, ndipo sipanala yoiwalidwa padzuwa inkaotcha ngati yachoka pamoto.

Galajayo inali dzina chabe: denga la malata pamizati isanu ndi umodzi, dzenje lotsikiramo pokonza kunsi kwa galimoto, ndi tebulo la matabwa lomangirirapo vayisi, chida chofinyira zitsulo. Makaniko ndinali ndekha. Galimoto nayonso inali imodzi, ambulansi yakale yokoka ndi mawilo onse anayi, yomwe inadutsa m'manja mwa anthu ambiri isanafike kwa ife. Ikafa, odwala ankabwera pangolo za ng'ombe, panjinga kapena pamachira, ndipo aliyense wodutsa pagalaja ankandiyang'ana ngati ndaipha ndine.

Woyendetsa ambulansiyo anali bambo wachikulire wa ku Lupembe, wamtali, wa mawu ochepa. Ankandiitana kuti fundi, monga amatchulira mmisiri aliyense kumeneko, ine ndinkawaitana kuti adada. Chichewa chawo chinali chosakanikirana ndi Chitumbuka, ndipo akakwiya chinkatheratu n'kutsala Chitumbuka chokhachokha. Galimotoyo ankaimvera pampando. Vuto ankalidziwa ine ndisanalione ndi maso.

Chaka chomwe ndikunenachi mvula inali itangosiya kumene, msewu uli maenje okhaokha. Tsiku lina masana adada anaimika ambulansi pamwamba pa dzenje langa, osatsika msanga.

"Fundi, iyi galimoto yikugogoda pasi," anatero. "Nikasintha giya yikuti ngo. Nikathamanga pachoko, mpando ukunjenjemera."

Ndinatsikira m'dzenje. Kunsi kwa galimoto kumakhala chitsulo chachitali chonga paipi, chomwe chimatenga mphamvu ku giyabokosi kupititsa ku mawilo akumbuyo. Ife timachitcha pulopela. Kunsonga zake zonse ziwiri kuli mphanda, ndipo pamphandapo pamakhala kachitsulo kooneka ngati mtanda, komwe timati kolosi. Manja anayi a kolosi amavala timakapu tachitsulo, ndipo mkati mwa kapu iliyonse muli tisingano toimirira mozungulira, togwiridwa ndi girizi. Kolosi ndi imene imalola pulopela kupindika galimoto ikamadumpha m'maenje, uku ikuzungulirabe.

Ndinagwira pulopela n'kuigwedeza. Inagwedera ngati dzino lofuna kuchoka. Pa kolosi yakumbuyo panali fumbi lofiira longa la njerwa, kusonyeza kuti girizi inatha kalekale ndipo zitsulo zayamba kudyana zokhazokha. Nditamasula, kapu imodzi inangogwa yokha. Mkati munalibe kasingano ngakhale kamodzi, munali ufa.

"Yafa, adada," ndinatero. "Pulopelayi ndiichotsa. Muziyendera mawilo akutsogolo okha, pafupipafupi pompano, mpaka ipezeke kolosi ina."

Kuyendera mawilo akutsogolo okha kunkatheka pamsewu wouma komanso pang'onopang'ono. Kumidzi, m'mchenga ndi m'matope otsalira, galimoto inkangotitimira. Choncho kwa anthu akutali ambulansi inali itafa.

Masipeya ankachokera kumwera. Unkalemba nambala ya chitsulo pafomu, fomu inkapita kwa bwana woyang'anira chipatala, kuchoka apo inkapita kumaofesi omwe sindinawaonepo, ndipo katundu ankabwera pasitima yapamadzi mpaka ku Chilumba, kenako palole. Nambala ndinaikopera m'buku la galimotoyo mosamala, ndipo ndinaitanitsa makolosi awiri kuti ina ikhale yosunga. Tinadikira mwezi wathunthu, n'kuwonjezapo masabata ena. Tsiku lililonse panali wondifunsa. Anamwino ankafunsa, alonda ankafunsa, ngakhale amayi ogulitsa nthochi pageti ankafunsa kuti galimoto idzuka liti. Ndinafika potopa ndi kuyankha, ndinkangokweza mapewa.

Katoni itafika ndinaitsegula ngati mphatso. Makolosi anali awiri, onyezimira, okulungidwa m'pepala lamafuta. Ndinatsuka mphanda ya pulopela ndi parafini, ndinapala dzimbiri m'mabowo ake, n'kuika kapu yatsopano pakamwa pa bowo kuti ndiifinye ndi vayisi. Sinadikire vayisi. Ndinangoikankha ndi chala chachikulu, n'kulowa yonse, kutulukira mbali inayo, n'kugwera patebulo.

Aliyense amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa kuti kapu iyenera kulowa mokakamira. Imafunika kukana, iwe n'kumaifinya pang'onopang'ono mpaka itakhazikika. Yolowa ndi chala imatulukanso mosavuta momwemo. Kusiyana kwake kunali kochepa, ngati kukhuthala kwa chikhadabo, koma pachitsulo chozungulira ndi liwiro limene lija, chikhadabo si chaching'ono.

Ndinakhala masana onse ndikufanizira manambala. Ya pakatoni inali yomwe ndinalemba, ya m'buku inalinso yomweyo. Kenako ndinapala utoto ndi matope ouma papulopela, ndipo ndinaona msoko wa welodingi wozungulira paipi yonse. Pulopelayo sinali yake ya ambulansi. Wina amene analipo ine ndisanabwere anaichotsa pagalimoto ya mtundu wina, anaidula, n'kuiwotcherera kuti ikwane, osalemba paliponse. Ine ndinaitanitsa kolosi ya galimoto ya m'buku, pomwe kunsiko kunali chitsulo cha galimoto ina. Ndikanayeza kolosi yakale ija ndisanalembe fomu, ndikanazindikira. Sindinayeze.

Bwana woyang'anira chipatala anali wa ku Zomba, munthu wofatsa, wodwaladwala m'mimba. Ndinawapeza muofesi akudzikupiza ndi fayilo.

"Bwana, sipeya yabwera, koma sikukwana."

"Sikukwana bwanji? Suja nambala munalemba nokha?"

"Ndinalemba ndine. Koma pulopela ili pagalimotoyi si yake. Tifunika kuitanitsa ina."

Anavula magalasi n'kutikita m'maso kwa nthawi ndithu.

"Amakaniko, tatsekani chitsekocho." Nditatseka anatsitsa mawu. "Dzulo kunabwera apampando a chipani m'dera lino. Akufunsa chifukwa chake galimoto yothandiza anthu yaima miyezi iwiri. Ndinawauza kuti tikudikira sipeya. Anandifunsa ngati ndikutanthauza kuti m'dziko muno mulibe masipeya."

Sanafunike kuwonjezera. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, khadi lake ndinkayenda nalo m'thumba la ovolosi mpaka linada ndi oyilo, ndipo mawu akuti kulibe ankatha kumuchotsa munthu pantchito, kapena kumupititsa komwe abale ake sakanamupeza.

"Lole ija ikutsitsa katoni anaiona," bwana anapitiriza. "Loweruka abweranso. Ndiwauze kuti yabwera koma sikukwana? Ine ndili ndi ana asanu, amakaniko. Chitanipo kanthu."

Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinakana. Sindinakane. Mantha analipo, koma sanali mantha okha. Ndinali nditatopa ndi maso a anthu, nditatopa ndi kuona odwala akutsitsidwa pangolo atapsa ndi dzuwa, nditatopanso ndi kuganiza za miyezi ina iwiri yodikira sitima. Ndinadziuza kuti galimoto yoyenda mwa apo ndi apo iposa yosayenda n'komwe.

M'mawa mwake ndinatenga chitini cha parafini chopanda kanthu, ndinadula timizere topyapyala ndi sizasi, n'kukulunga kapu iliyonse kuti inenepe. Ndi chitinicho makapu analowa mokakamira ndithu, ngati enieni. Kenako ndinatenga panchi, kachitsulo kosongoka, ndi hamala n'kukhomerera m'mphepete mwa mabowo a mphanda kuti chitsulo chipinde, chigwire makapuwo. Ndili mkati mokhoma, adada anabwera n'kuima pambali panga. Anatola kachidutswa ka chitini n'kukayang'ana mbali zonse.

"Ichi ntchivichi, fundi? Chitini?"

"Chigwira, adada. Masabata ochepa chabe, mpaka tipeze yoyenera."

"Chitini n'chotungira madzi." Anakaponya pansi. "Imwe mukukhala pano pamthunzi. Pamsewu nikukhala ine."

Ndinapitiriza kukhoma.

Loweruka apampando anabwera, ambulansi inazungulira bwalo la chipatala kawiri, iwo anagwedeza mutu n'kupita. Bwana anandigwira dzanja. Sabata yoyamba ndinkatsikira m'dzenje m'mawa uliwonse kukagwedeza pulopela, ndipo inali nganganga. Sabata yachiwiri inayamba kusewera pang'ono. Ndinakhomereranso ndi panchi, n'kuwauza adada kuti asamathamange. Anangondiyang'ana. Ambulansi yosathamanga ndi ya ntchito yanji?

Sabata yachitatu, m'mamawa, kunabwera uthenga wochokera ku Ngara. Mayi wina woyembekezera anali atavutika masiku awiri, mwana osatuluka. Adada ananyamuka ndi namwino dzuwa likungotuluka. Ulendo umenewo akanabwera pofika teni. Teni inakwana, leveni, twelofu. Ine ndinali ndikukonza pampu ya madzi, koma khutu linali kugeti. Cha m'ma wani koloko panalowa lole yonyamula mpunga. Pamwamba pa matumba panali namwino uja, atatambasula chitenje kutchinga dzuwa, ndipo pansi pa chitenjecho panali mayiyo.

Akumutsitsa, namwino anandiona. Anali wa ku Kasungu, msinkhu wa achemwali anga aakulu, ndipo nkhope yake inali mbuu ndi fumbi.

"Galimoto yanu yagwetsa chitsulo," anatero akudutsa. "Adada ali nayo pamsewu."

Ndinatenga bokosi la masipanala n'kukaima pamsewu mpaka ndinapeza lole yolowera kumwera. Ambulansi ndinaipeza patali pang'ono ndi Ngara, pansi pa mtengo wa mango. Pulopela inali lende, nsonga yakumbuyo ili mumchenga. Kapu imodzi inathawa, kolosi inathyoka dzanja, ndipo chitsulocho chisanaime chinamenya kunsi kwa galimoto mpaka kupindika. Khutu limodzi la mphanda linali litayasama. Mumchenga munali kachidutswa ka chitini, kotafunidwa ngati ndi mano.

Adada anali atakhala pamuzu wa mango, manja ali pamaondo. Zala zawo zinali zotemekatemeka. Anayesa kumasula manati anayi akutsogolo kwa pulopela ndi pulayasi, kuti aichotse, ayendere mawilo akutsogolo. Pulayasi sinathe. Pankafunika sipanala imodzi yokha, ndipo sipanalayo inali m'bokosi langa, chifukwa zida zonse ndinkazikiyira kugalaja poopa kuti zingasowe. M'galimoto munali jeke, sipanala ya mawilo ndi pulayasi, basi.

"Munadikira nthawi yaitali?" ndinafunsa.

Analoza kumwamba cha kum'mawa, n'kuyendetsa dzanja mpaka pamutu, mmene linayendera dzuwa.

"Mama yura analira, analira," anatero. "Pambuyo analeka kulira. Apo ndipo nikaopa."

Za chitini sanatchule, tsiku limenelo ngakhale masiku otsatira. Ndinagona chagada mumchenga wotentha, ndinamasula manati anayi aja, ntchito ya mphindi zochepa, n'kuponya pulopela kumbuyo kwa galimoto. Tinabwerera pang'onopang'ono.

Mayiyo anamuchita opaleshoni ndipo anapulumuka. Mwana anabadwa atafa kale. M'mawa mwake ndinamudikirira namwino uja pakhonde.

"Asisitala, mukanafika msanga, mwana uja..."

"Amakaniko, sindikudziwa," anandidula. "Pomwe tinkamunyamula mtima wa mwana unkamveka patali. Mwina akanakhala, mwina ayi. Musandifunse zomwe sindingathe kuyankha. Ndatopa."

Bwana analemba lipoti lakuti chitsulo chinathyoka chifukwa galimoto ndi yakale. Palibe anandiitana, palibe anandikalipira. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Ndinkabwera kuntchito, ndinkakonza mapampu ndi mabedi othyoka, ndinkabwerera kunyumba, thupi lili lolemera ngati ndasenza matumba a simenti tsiku lonse.

Patapita masiku anayi, adada anabwera kugalaja n'kukhala patayala lakale.

"Fundi, mlamu wanga ku Lupembe ali na galimoto ngati iyi. Anabwera nayo kuchokera kumigodi. Yinafwa kale, nkhuku zikugonamo."

"Yofanana ndendende?"

"Mukaone mwekha. Ine nine dalaivala."

Tinapita Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Mlamu wawoyo anali bambo wamfupi, wa diso limodzi loyera, ndipo ankalankhula Chinkhonde chomwe ine ndinkangomvako moni wokha. Galimoto inali kuseri kwa nyumba, pakati pa nthochi, ilibe mawilo, itakhala pamiyala. Ndinakwawira kunsi, pazitosi za nkhuku, ndipo pulopela inalipo, yadzimbiri koma yowongoka, yopanda msoko uliwonse wa welodingi. Ndinathira parafini pamanati, ndinadikira, n'kumasula.

Ulendo uno sindinafune kukhulupirira maso. M'thumba ndinali nditatenga kolosi yachiwiri ija yatsopano, yomwe inatsala m'katoni. Pompo pansi pa nthochi ndinagogoda kolosi yakale ya pulopelayo mpaka inatuluka, ndinapukuta bowo, n'kuikapo kapu yatsopano. Inakhala pakamwa pa bowo, osalowa. Ndinakankha ndi chala, ndinakankha ndi chikhato chonse, inakana. Ndinayeza ndi veniya, chida choyezera zitsulo, kutalika kwa kolosi ndi kutalikirana kwa makutu a mphanda, ndipo zinagwirizana. Sipeya yomwe inabwera pasitima inali yolondola kuyambira pachiyambi. Cholakwika chinali chitsulo chomwe ndinkaikakamizapo.

Mlamuyo ananena zinazake, adada n'kumasulira.

"Akuti tengani. Kweni muwaonereko wilo la ngolo, likulira."

Wilo la ngolo linkangofuna girizi ndi kumangitsa nati. Ndinakonza tisananyamuke, ndipo akazi awo anatipatsa nthochi zophika ndi nyama.

Lolemba ndinayamba ntchito m'mawa kusanatenthe. Kolosi yakutsogolo ya pulopela ya ku Lupembe ija inali yabwinobwino, inkangofuna girizi. Yakumbuyo ndi imene ndinkasintha. Ndinayamba ndaika chizindikiro ndi choko pomwe zigawo ziwiri za pulopela zimalowana, kuti mphanda yakutsogolo ndi yakumbuyo zikhale pamzere umodzi, chifukwa zikasemphana galimoto imanjenjemera ngakhale kolosi ili yatsopano. Ndinatsuka mabowo, ndinachotsa dzimbiri m'timipata momwe mumalowa masekilipu, timawaya tozungulira tomwe timatsekera makapu kuti asatuluke. Ndinavula makapu pakolosi imodziimodzi, ndikuyang'ana ngati tisingano tonse taimirira, n'kupakamo girizi ndi chala.

Kapu yoyamba ndinaifinya ndi vayisi mpaka theka, ndinalowetsa dzanja la kolosi, n'kuika yachiwiri mbali inayo. Ndinkazungulitsa chogwirira cha vayisi pang'ono, n'kusiya, n'kugwedeza kolosi kuti ndimve ngati ikuyenda. Pomaliza ndinaika soketi yaing'ono, kachitsulo kabowo komasulira manati, pakati pa vayisi ndi kapu kuti ilowe mpaka kupitirira kampata ka sekilipu. Awiri oyamba anakhala bwino. Yachitatu inakhalanso bwino. Pofika yachinayi thukuta linali likulowa m'maso, ndipo adada anali atakhala patayala lawo lija, akuyang'ana.

Yachinayi inalowa, inalowa, kenako inaima. Kampata ka sekilipu kankaoneka theka lokha. Ndinawonjeza mphamvu pang'ono pavayisi, osasuntha. Nthawi yomweyo bwana anafika, atagwira pamimba.

"Zikutheka, amakaniko?"

"Yatsala imodzi, bwana. Ikukana."

Anawerama n'kuyang'ana.

"Kangotsala kakang'onong'ono. Bwanji osangomenya ndi hamala? Galimoto ikufunika masana ano."

Hamala inali pomwepo patebulo, ndipo dzanja langa linkaifuna. Kumenya kawiri kokha sekilipu ikanalowa, galimoto ikanatuluka, aliyense akanandisiya. Koma kapu siima popanda chifukwa. Nthawi zambiri kumakhala kuti kasingano kamodzi kagwa polowetsa, kagona pansi pa kapu, ndipo dzanja la kolosi likutsamira pa iko. Ukamenya kamathyoka, tizidutswa take timatafuna tinzake, ndipo pakatha mwezi wabwerera pomwe unali. Kolosi ina ndinalibe.

"Ayi, bwana," ndinatero. "Ndiimasulanso."

"Yonse?"

"Mbali iyi yonse."

"Ndiye ituluka nthawi yanji?"

"Sindikudziwa, bwana. Ikatha."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso adada, omwe maso awo anali pansi. Kenako anapumira m'mwamba n'kubwerera kuofesi.

Kutulutsa kapu yolowa mokakamira osaiwononga ndi ntchito yotopetsa kuposa kuilowetsa. Ndinachotsa sekilipu ya kapu yachitatu, ndinafinya kolosi ndi masoketi awiri kuti kapu yachinayi itulukire kunja pang'ono, ndinaigwira ndi vayisi nditaikulunga kansanza, n'kumaipotoza pang'onopang'ono mpaka inachoka. Zinanditengera pafupifupi ola. Nditasuzumira mkati, kasingano kanalidi pansi, kogona chopingasa m'girizi. Ndinakatola ndi kawaya, ndinakapukuta, n'kukagubuduza pagalasi la windo lakale kuti ndione ngati kapindika. Kanagubuduka bwinobwino. Ndinakaimika pakati pa tinzake, ndinawonjeza girizi, n'kuyambiranso, dzanja la kolosi ndikulisunga mkati mwa kapu nthawi yonse yofinya kuti pasagwenso kena.

Ulendo uno kapu inatsika mpaka pamalo pake, kampata konse kanaonekera, ndipo sekilipu inalowa n'kulira the. Kolosi inali yolimba pang'ono poipinda, monga zimakhalira. Apa ndiye ndinatenga hamala, ndinagogoda mopepuka pamapewa a mphanda mbali zonse kuti makapu atsamire pamasekilipu awo. Nditaipindanso inayenda mofewa mbali zonse, yosagwira pena paliponse, yosaseweranso. Ndinapopera girizi mpaka inatulukira m'makapu onse anayi. Ndinawapatsa adada kuti ayese ndi manja awo. Anaipinda uku ndi uku, anaikoka, anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kundibwezera.

Pomwe ndinkamaliza kumanga pulopela kunsi kwa galimoto, dzuwa linali litapendeka. Msana unali utauma, ndipo m'mimba munalibe kanthu chiyambire m'mawa. Adada anaitulutsa, anapita nayo kumsewu waukulu, anakhalako kanthawi, n'kubwera. Anazimitsa injini.

"Yili makora," anatero, kutanthauza kuti ili bwino.

Ndinatsegula bokosi langa, ndinatulutsa sipanala ya manati a pulopela ndi inzake ziwiri, ndinazikulunga m'chisanza n'kuziika pansi pa mpando wawo. Adada anaona.

Patapita masabata awiri mayi uja anatulutsidwa m'chipatala. Bala linali lisanapole kwenikweni, ndiye bwana analola kuti ambulansi imuperekeze kwawo, popeza inkapitanso kumeneko ndi mankhwala. Ndinapempha kuti ndipite nawo, ndikamve mmene pulopela ikuyendera paulendo wautali. Mayiyo anakhala kumbuyo ndi mwamuna wake, msodzi wamapewa aakulu, wooneka wamng'ono kwa ine. Aka kanali koyamba kumuona mayiyo pafupi. Anali mtsikana ndithu, woonda, atafunda chitenje kumutu ngakhale kunkatentha. Pamtengo wa mango uja adada anadutsa osachepetsa liwiro, maso ali kutsogolo.

Ku Ngara tinaima pafupi ndi nyumba yawo. Amayi angapo anatuluka, anamugwira mtsikanayo m'manja n'kulowa naye. Mwamunayo analankhula ndi adada m'Chitumbuka, ndipo ndinamva akufunsa kuti ine ndine yani. Adada anayankha kuti ndine fundi wa galimotoyo. Munthu uja anathamangira kuseri kwa nyumba, n'kubwera ndi nsomba zouma zokulunga m'pepala, za adada ndi zanga.

"Yewo chomene, fundi," anatero, n'kupitiriza m'Chichewa chovutikira. "Galimoto iyi ndi yakale, tikudziwa. Mukuyesetsa."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinkadziwa zomwe ndinayenera kumuuza, koma sindinadziwe poyambira, komanso sindinadziwe ngati zikanamuthandiza iye kapena ine ndekha. Ndinangoti zikomo. Kenako ndinagwada pambali pa galimoto, ndinapisa dzanja kunsi n'kugwira makapu a kolosi imodziimodzi. Onse anayi anali ofunda pang'ono chabe, mofanana.

Pobwerera adada anayamba kukamba za mpunga wawo, kuti mbalame zawavutitsa chaka chimenecho ndipo ana sakufunanso kulondera kumunda. Ndinkayankha mwa apo ndi apo, nsomba zili pamiyendo, mphepo yotentha ikulowa pawindo. Sindikudziwa pomwe ndinagonera. Anandidzutsa tili pageti la chipatala, mlonda ataima pawindo langa akunena kuti pampu ya madzi yasiyanso kukoka, ndipo kuwodi kulibe ndi dontho lomwe. Ndinatsika n'kukatenga bokosi.